Galimoto Yopuma Ngati Mwini Wake

Tandiuzani inu amene munakhalitsa pa benchi ya sukulu: ndi kanthu kanji kamene kamadya fumbi tsiku lonse kuti mbuye wake asatsokomole, koma kakakhuta mbuye yemweyo amakataya kudzala osanena n'zikomo yemwe? Mwati mkazi wapanyumba? Mwayandikira, koma ayi. Ndi fyuluta ya mpweya, kasefa kamene kamakhala m'kabokosi pafupi ndi injini ya galimoto.

Mafyuluta atatu otere anali ndandanda pa kauntala m'shopu ya masipeya, ndipo Namazira ankawayang'ana ngati mayi amene wauzidwa kuti aloze mwana amene amamukonda kwambiri. Dzina lakuti Namazira anamupatsa ndi eni magolosale, chifukwa m'mawa uliwonse ankawatulira matireyi a mazira pa galimoto yakale imene mwamuna wake anamusiyira. Mwamunayo anali atamwalira ndi mphumu chaka chomwecho. Galimoto ija ndiyo inali khasu la pakhomo, ndiyo inkadyetsa ana. Koma masiku amenewo inali itayamba ulesi pa chitunda, ndipo dalaivala wina anamuuza kuti fyuluta yakhuta.

Mwini shopuyo, mayi wa magalasi omangira chingwe, anafotokoza modekha. Yoyamba inali ya pepala lopindapinda ngati siketi ya mwana wa sukulu. Anati umenewo ndiwo mtundu umene galimotoyo inabadwa nawo. Imagwira ngakhale fumbi losalala ngati ufa, sifuna kuilera, koma ikada ndiye kuti yatha, sachapa. Yachiwiri inali ya siponji, yoti ikada umaichapa, kuiyanika, n'kuipaka mafuta ake apadera kuti fumbi lizikakamira. Yachitatu inali ya nsalu yokutidwa ndi waya, yofiira psuu. Imeneyo imalowetsa mpweya wambiri, injini n'kumabangula mosangalatsa anyamata, koma fumbi laling'ono limaipulumuka.

"Inu mayi, ntchito yanu ndi mazira, si mpikisano," anatero mwini shopu. "Tengani ya pepala, muzigona tulo."

"Ndikudziwa, ndikudziwa," anadula mawu bambo amene anaima pambali pa Namazira.

Amenewa anali alamu ake, mng'ono wawo wa malemu, ndipo pamsewu ponse ankatchedwa a Ndikudziwa, chifukwa ngakhale ukawauza kuti wafika kumene kuchokera ku mwezi, iwo ankati njira yake akuidziwa. Galimoto analibe, njinga yomwe inali yobwereka, koma chimwalirireni achimwene awo sankasowa pafupi ndi galimoto iyi. Ku shopu anabwera osaitanidwa.

Anayamba kuphunzitsa mwini shopu za katundu wake yemwe. Anati pepala ndi lokulungira sopo. Anati ogulitsa amaikonda ya pepalayo kuti munthu uzibwerabwera ngati wodwala mano. Yofiirayo anati ndi ya ana. Kenako ananyamula ya siponji, n'kuifinya pamaso pa Namazira.

"Alamu, iyi ndi ya muyaya. Tonse tili panofe tidzafa, iyi idzatsala."

Namazira sanawakonde mawu a imfawo, koma analibe mphamvu zokangana ndi abale a mwamuna maliro asanazizire. Anagwedeza mutu kuvomera. Mwini shopu anaika kabotolo ka mafuta a fyulutayo pa kauntala, koma a Ndikudziwa anakakankha ndi chala, n'kunena kuti kunyumba ali ndi mafuta awo oposa amenewo. Mayi uja anakweza magalasi ake, n'kung'ung'udza kuti Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. A Ndikudziwa anati mwambi umenewonso akuudziwa.

Siponji ija anapita nayo kwawo kuti akaikonze bwino. M'mawa mwake anabwera nayo m'pepala la pulasitiki ikunyezimira, n'kuiika m'kabokosi. Yakale ija anaiponya kudzala, boneti anaimenya kambama ngati akutsanzika mnzawo. Kunena zoona, masiku oyambawo galimoto inakwera chitunda ngati mwana wa mbuzi.

Galaja inali kuseri kwa nyumba, yamalata, yopanda zenera. Ngakhale dzuwa lili paliwombo, mkati munkakhala kamdima. Zinthu za malemu zinali momwe anazisiyira: ovololo yabuluu pa msomali, kampando kamiyendo itatu, zitini za mabawuti pa shelefu. Namazira sankazikhudza. Ankangolowetsa galimoto, kutsitsa matireyi opanda kanthu, n'kutuluka.

Tsiku lina masana, atazimitsa injini, anamva fungo la anyezi wokazinga.

Anakhala kaye pa mpando, dzanja lili pa kiyi. Ana anali kusukulu. Kukhitchini moto sunayatsidwe chichokereni iye m'mawa. Aneba onse anali ku ntchito, ndipo msewu unali zii, agalu omwe atagona. Koma fungolo linalipo, lofunda, lodzaza galaja yonse. Malemu anali munthu wosataya dzira. Akabwera kotula mazira, onse ong'aluka ankawasonkhanitsa m'kapu, n'kuwakazinga yekha ndi anyezi wambiri, n'kudzadyera pa kampando komwe kaja. Namazira anayang'ana kampandoko. Panalibe munthu. Anatuluka cham'mbuyo, n'kutseka chitseko ndi manja awiri.

Sanauze aliyense. Anadziuza kuti mphuno ya namfedwa imanama. Koma fungolo linkabwera nthawi iliyonse injini ikatentha, ndipo posakhalitsa panawonjezeka china. Ovololo ija inayamba kutha. Mwendo wake wina unafupika, m'mphepete mukuchita nyenyenye ngati nsalu imene yakwawa pansi pa galimoto kwa zaka. Thumba la pachifuwa linabooka. Chovala chosavalidwa chimatha bwanji? M'mawa wina, atangotsekula chitseko, anaiona ikugwedera pa msomali pang'onopang'ono, kunja kulibe ndi kamphepo komwe.

Kenako kugogoda. Kunkachokera pansi pa boneti, injini ili yozizira: go, go, kwe-kwe-kwe, ngati munthu amene akufunafuna sipanala m'bokosi mosafuna kudzutsa ana. Namazira akatsokomola, kunkasiya. Akakhala chete, kunkayambanso. Chinthucho chinkamumvetsera.

Chimene chinamumaliza chinachitika pa chitunda cha ku msika, galimoto itadzaza mazira mpaka kumpando wa kutsogolo. Ali pakati pa chitunda, injini inasintha mawu. Inayamba kukoka mpweya movutika, hiii, n'kudikira, hiii, ndi kalikhweru kakang'ono kumapeto. Kapumidwe kameneko Namazira ankakadziwa. Anali atakhala nako pambali pa bedi, atagwira kapu ya madzi, akuwerama kuti amve ngati mpweya wina ubwerenso. Anaponda mafuta, galimoto inanjenjemera, n'kubanika, n'kuzima. Itayamba kubwerera m'mbuyo anaponda buleki mwamantha, ndipo matireyi onse anatsetsereka.

Anakhala momwemo, mapazi ali m'mazira osweka, magalimoto ena akumuimbira mabelu.

"Bambo a ana, ndalakwanji?" anafunsa motsitsa mawu. Fungo la anyezi linali pomwepo.

Anyamata a pamsika anamukankhira galimoto mpaka kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo inangokhala m'galaja. Namazira anayamba kusenza matireyi pamutu, ochepa okha, kufikitsa ku magolosale apafupi. Akutali anamudikira pang'ono, kenako anayamba kulandira mazira kwa munthu wina wa kalole koyera. Mwini golosale wina anamuuza mosabisa kuti chisoni alinacho, koma makasitomala sadya chisoni.

Apa ndi pamene Namazira analakwitsa: anakauza apongozi ake, amayi a malemu. Anali mayi wokalamba, wamfupi, wokonda mwana wawo womwalirayo kuposa amoyo onse. Anabwera tsiku lomwelo, n'kuika khutu pa malata a galaja masana dzuwa likuswa mtengo. Anamvetsera, anamvetsera. Mkati munamveka go, go, kwe-kwe-kwe. Apongozi anakhala pansi pomwepo n'kufunda mpango kumutu.

"Ndi mwana wanga. Kuyambira ali wamng'ono sankatha kukhala manja ali chete."

A Ndikudziwa anatulukira ngati anabisala kuseri kwa mpanda. Anati zonsezi iwo anazidziwa kale, anangosunga pakamwa poopa kupweteka mitima. Anati achimwene awo sankafuna kuti pa mpando wawo wa m'galimoto pakhale munthu wamkazi. Anati galimoto yotere imafuna munthu wa magazi amodzi ndi mwini wake, apo ayi tsiku lina idzagubuduza alamu ndi ana omwe. Ndiye iwo, chifukwa chokonda banja, anali okonzeka kusenza mtolowo. Aitenga galimotoyo, ikakhale kwawo, azilimbana nayo okha. Mantha iwo sankawadziwa. Anati nthawi ina anagonapo pakhomo la mochale kudikira basi, ndipo amene anathawa anali a mkatiwo.

Apongozi anavomera. Anati Lamlungu masana banja likumane, makiyi aperekedwe mwaulemu, mwana wawo apumule.

Masiku otsalawo Namazira ankayenda ngati munthu wobwereka miyendo. Galimoto ikapita, magolosale akutali apita, ndipo apafupiwo sakanadyetsa nyumba. Koma kuikaniza kunali kukangana ndi apongozi, ndi alamu, mwinanso ndi malemu amene. Akuchapa matireyi Loweruka, maganizo ake anabwerera m'mbuyo, kufufuza pamene zinayambira. Maliro atachitika, galimoto inayenda miyezi ingapo osanunkha anyezi. Ngati malemu sankafuna mkazi pa mpando wawo, anachedweranji kunena? Munthu uja sanali wosunga mawu. Zonse zinayamba siponji ija italowa.

Anapukuta manja, n'kupita ku galaja. Analowa, n'kukoka kachitsulo kotsekulira boneti. Ataika zala pansi pa boneti kuti akweze, anamva mawu ena amene anali asanawamvepo. Anali kulira kwakung'ono kwambiri, tswii, tswii, ngati khanda lolira kutali, kutsidya la mtsinje. Anatsitsa boneti pang'onopang'ono, n'kutuluka osatembenuka.

Lamlungu kunachita mitambo, kopanda mvula, kopanda mphepo. Apongozi anakhala pa mpando pakhomo la galaja. A Ndikudziwa anabwera atavala jekete ya ku ukwati, ndipo m'manja anali ndi kaunyolo katsopano kokolekera makiyi, kogula kale. Akazi awo anabwera nawo, mayi wosayankhulayankhula amene anazolowera kumva nkhani za amuna awo ngati mmene anthu okhala pafupi ndi chigayo amazolowerera phokoso. Aneba, amene sasowa pamene pali nkhani, anatsamira mpanda ngati akuona maluwa.

Chitseko chitatsekulidwa, onse anasuzumira mkati. Galimoto inali mu kamdima kake, nyali zake zikuwayang'ana. Ovololo inali pa msomali, mwendo umodzi utatha mpaka m'bondo. Kenako, anthu onse akumva, pansi pa boneti panagogoda. Go, go. Mayi wina wa pa mpanda anagwira pakamwa. A Ndikudziwa anaseka, koma kuseka kwake kunatuluka kopyapyala.

Anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Namazira anali atawafumbata, ndipo sanawatambasulire iwo. Anagwada pafupi ndi apongozi.

"Amayi, makiyi ndipereka. Koma ndili ndi pempho limodzi. Mwana wanu moyo wake wonse ankaika fyuluta ya pepala m'galimoto muno. Ife taikamo chinthu chachilendo, m'chifuwa mwenimweni mwa galimoto yawo, osawapempha. Mwina chimene akudandaula ndi chimenecho. Tichichotse kaye, timve ngati apitiriza."

Apongozi anaganiza pang'ono, n'kunena kuti mwanayo wayankhula zanzeru. Munthu wa mphumu sakonda kumusinthira pilo.

A Ndikudziwa anafufuma ngati chule. Anati kunyoza fyuluta imeneyo n'kunyoza iwo. Anati siponji imene anaikonza ndi manja awo singakhale ndi mlandu, ndipo aitulutsa pompano kuti aliyense aone kuti ikadali ngati yatsopano, kenako nkhani ya mafyuluta ithe, anthu akambe za makiyi. Analowa m'galaja mokweza mapewa, koma ovololo anailambalala patali. Anakweza boneti, n'kumasula timakilipi ta kabokosi. Fungo la anyezi linatuluka, losakanikirana ndi lina loipa.

M'kabokosimo sanayang'anemo. Mwina kunali kudzitama, mwina anali mantha, ndani akudziwa. Nkhope anailozetsa kwa anthu, n'kuyamba kuwaphunzitsa, dzanja likulowa lokha.

"Onani, anthu inu. Ya pepala bwenzi pano itafa kale. Ya nsalu bwenzi italowetsa mchenga. Koma iyi, iyi ndi ya mu..."

Mawu anathera pomwepo. Pakamwa panatsala pali yasa. Maso anatuluka.

"Muli munthu," ananong'ona. "N'chofunda. Chandigwira chala."

Palibe amene anasuntha. Kenako chinthu chinaoneka chikukwera mkati mwa mkono wa jekete, chotupa, chothamanga, kuchoka pa dzanja, kudutsa pa chigongono, kulunjika kukhwapa. A Ndikudziwa anakuwa mawu amene sanamvekepo pa msewu umenewo. Anadumpha, mutu n'kugunda boneti, n'kugwa chogwada pa simenti manja ali m'mwamba.

"Achimwene, pepani! Ndisiyeni, achimwene! Galimoto ndi ya alamu, sindiikhudzanso! Ine ndimangofuna ndiziyendetsa takisi, za mpando zija ndinangopeka!"

Pa kolala ya jekete panatuluka mutu wa khoswe, wonenepa, wa ndevu zonyezimira mafuta. Anayang'ana banja lonse ngati akuwerenga amene abwera, n'kutsika pamsana pa a Ndikudziwa, n'kudutsa pakati pa miyendo ya mpando wa apongozi, ulendo wa kudzala.

Namazira ndiye anayamba kuyenda. Anafika pa galimoto n'kusuzumira m'kabokosi. Siponji ya muyaya ija inali itadyedwa pakati ponse, kutsala m'mbali mokha ngati buledi wa mwana wosakonda makoko. Pamalo pake panali chisa cha tinsalu tabuluu, tonyenyedwa bwinobwino, titatseka njira yonse ya mpweya. Pakati pa chisacho panali tiana ta khoswe, tofiira, topanda ubweya, tikulira tswii, tswii.

Anatola chidutswa cha siponji n'kutuluka nacho panja. Akazi a a Ndikudziwa anachilandira, n'kuchinunkhiza kamodzi kokha.

"Abambo, awa si mafuta anga okazingira aja? A m'chitini cha pawindo, amene ndinakazingira anyezi? Ine ndinakalipira ana sabata yonse kuti amwa mafuta."

"Mafuta ndi mafuta," anayankha a Ndikudziwa ali chigwadire.

Woyamba kuseka anali apongozi. Kunayamba ngati chifuwa, mapewa okha akugwedera pansi pa mpango, mpaka Namazira anaganiza kuti akulira. Misozi inalipodi, ndipo mwina ina inali ya mwana wawo amene sanabwere. Koma kuseka kunapambana. Kunafalikira ku mpanda, aneba n'kumagwirana mapewa, wina mpaka anakhala pansi m'ngalande. Namazira anaika makiyi m'thumba la epuloni yake, n'kuuza apongozi kuti mawa m'mawa apita yekha ku shopu kukatenga ya pepala, ndipo sakufuna womuperekeza.

A Ndikudziwa anadzuka, akusasa fumbi m'mawondo, n'kuyamba kuzemba cha ku geti. Apongozi anawaitana ndi chala.

"Iwe, bwerera. Si unati ukufuna kusenza mtolo wa m'bale wako? Wamupepesa tonse tikumva, ndipo wathawa wakusiyira ana. Nyamula amasiyewo."

Fosholo inasowa, kapena aneba anaibisa dala. A Ndikudziwa anavula jekete ya ku ukwati ija, n'kuwolera chisa chonse m'menemo. Anatuluka pa geti atachinyamula patsogolo ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kumbali, tiana tija tikulira, ndipo msewu wonse unawaperekeza ndi maso, azimayi a pa mpanda aja akuwafunsa kuti mwana woyamba amutcha dzina loti ndani.